Kusala kwa Nadia

Makawa, Mangochi
12 Januwale 2025

Bambo a Nadia,

Asalamu alaikum. Ndikhulupirira kuti Durban akukusungani bwino, ndi kuti mafuta a m'khitchini ya bwana wanuyo sanakumalizeni zala. Ife kuno tadzuka, mvula ikugwa, chimanga chafika m'mawondo. Mundiuze za chifuwa chanu chija.

Musadabwe kuti ndagwira cholembera ngati mwana wa sukulu. Foni yanga inafera m'nyanja muja, ndipo ya achimwene Sefu imabwera ndi mwini wake. Amaima pomwepo, khutu lili tcheru, kudikira kuti ndimalize. Nkhani ya magazi ndi chimbudzi cha mwana wamkazi sindingaikambe pamaso pa mlongo wanga. Ndiye ndapempha a Abudu, aja amanyamula katundu wa anthu pakati pa kuno ndi Joni, kuti azititengera makalata. Akuti ulendo umodzi ndi masiku khumi ngati pa boda palibe vuto.

Tabwerako ku Blantyre Lachinayi. Zaka ziwiri zonsezi takhala tikuthamangitsa matenda amene mwana alibe. Si kamwazi, si likodzo, si njoka za m'mimba, ndipo palibe anamulodza monga amanenera azakhali anu. Anamulowetsa kakamera m'mimba, adokotala n'kundionetsa pa kanema. Bambo a Nadia, matumbo a mwana wathu ndi ofiira, otupa, zilonda zili mbwee. Akuti matendawa dzina lake ndi Crohn. Akuti sapatsirana, komanso satha, amangogona n'kudzuka. Ndinafunsa kawiri poganiza kuti sindinamve bwino.

Pa sikelo anakwana makilo 26. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri! Tikhala wa achimwene, wa zaka zisanu ndi zinayi, amamuposa. Adokotala akuti chakudya chimangodutsa, thupi silitolapo kanthu, n'chifukwa chake sakukula ndipo magazi ndi ochepa.

Atipatsa mapilisi a m'mawa, a masana ndi a madzulo, koma akuti theka la mankhwala lili m'mbale. Azidya pang'onopang'ono kasanu ndi kamodzi pa tsiku, asamadikire njala. Phala la ufa woyera losefa, dzira lowiritsa, nthochi yakupsa, mbatata yosenda yophika mpaka kufewa, nsomba yowiritsa yochotsa minga, ndi chiponde cha kuchipatala. Mgaiwa ayi pakadali pano, tsabola ayi, zokazinga ayi, nyemba za makoko ayi. Mwana wa msodzi kumuletsa usipa wokazinga! Ndinaseka ndekha m'basi, kenaka misozi inangobwera. Andiuza kuti ndizilemba m'kope chilichonse chimene wadya ndi kangati wapita kuseri, ndipo pa masabata awiri aliwonse ndizikamukweza pa sikelo kuchipatala chathu chaching'ono chija.

Mwini wake akuti moni. Akuti munamulonjeza chithunzi cha sitima zikuluzikulu za padoko, ndipo sanaiwale.

Ndine mkazi wanu,
Ajira

Durban
26 Januwale 2025

Mayi a Nadia,

Wa alaikum salaam. Chifuwa chinatha, ndipo zala zilipo zonse khumi, ndawerenga. Kalembedwe kanu sikanasinthe chichokereni ku pulayimale, zilembo zonse zapendekera mbali imodzi ngati zaombedwa ndi mwera. Komabe ndaiwerenga katatu kuseri kwa khitchini, mpaka bwana kubwera kudzaona ngati ndathawa.

Zandiwawa kuti ulendo wa Blantyre munausenza nokha. Ndinasiya bwato n'kubwera kuno kuti ana adye, lero ndikumva kuti mwana wanga akudya koma thupi silikulandira. Ine pano ndimakhala pakati pa zakudya kuyambira m'mawa mpaka madzulo, zotsala timataya m'migolo. Tsiku limene ndinawerenga kalata yanu ndinalephera kudya.

Koma mawu amodzi ndawakana, akuti matendawa satha. Wosatha ndi Mulungu yekha. Madokotala amakonda kuopseza kuti anthu asasiye mankhwala. Ine ndili mwana ndinatsegula m'mimba pafupifupi chaka chathunthu, amayi anali atayamba kale kundilira, koma lero ndimanyamula matumba awiri a ufa pa phewa limodzi. Nadia watengera ine, mudzaona.

Ndapatsira a Abudu mabotolo anayi a chiponde, kope lachikuto cholimba, ndi chithunzi cha sitima. Mazira muzigula, musaumire. Ana a alamu anga akamaliyang'ana dziralo muziwauza kuti ndi mankhwala owawa. Mundilembere zonse, ngakhale zimene mukuganiza kuti mwamuna sayenera kumva.

Ndine wanu,
Zubair

Makawa
16 Febuluwale 2025

Bambo a Nadia,

Moni wa kuno. Kodi kumeneko kutentha kwachepa? Katundu wafika yense kupatula botolo limodzi la chiponde limene a Abudu akuti linasweka panjira. Zidutswa za botololo sindinazione, koma ndevu zawo zikuwala.

Ndiyambe ndi zabwino: makilo 29. Anamwino anamukweza kawiri posakhulupirira. Masaya ayamba kubwerera. M'kope mwanga kuseri akupita katatu kapena kanayi pa tsiku, pamene kale kunali kasanu ndi katatu, ndipo magazi ndawaona kawiri kokha mwezi uno. Taphunzira kuti mkaka sugwirizana naye, koma papaya ndi maungu zimakhazikika.

Komatu musaganize kuti kudyetsa mwanayu ndi masewera. Chakudya chimamuwawa. Akameza, pakapita kanthawi amagwira pamimba n'kupindika. Ndimakhala naye pansi ndi supuni ngati khanda, kunyengerera, kukalipa, nthawi zina kulira tonse awiri. Kusukulu ndimamupatsira phala m'botolo kuti amwe pa buleki. Aphunzitsi ake, a Madamu Janeth, aja ochokera ku Rumphi, amamukhazika pafupi ndi chitseko kuti azituluka mosavuta, ndipo amamuyang'anira mpaka botolo lithe. Anzake amutcha Kaphala. Tsiku lina ndinamupeza akukhuthulira mbuzi phala lonse kuseri kwa mpanda. Madzulo ana a achimwene amadyera mbale imodzi, iye payekha ndi kambale kake, ndipo amadya atatembenukira kukhoma.

Ramadhani yayandikira. Anzake a ku madrasa onse akuti chaka chino asala mwezi wathunthu. Ndinapita kwa Shehe Nasir kukafunsa. Anati wodwala sakakamizidwa, ndipo mwana amene sanakule alibe mlandu n'komwe. Anati Mulungu safuna kutivutitsa. Ndinamuuza Nadia kuti iye sasala. Anangolowa m'nyumba, ndipo tsiku lonselo sanandilankhule.

Chonde, mukamamulembera mundithandize pa nkhani imeneyi. Mawu anu amawamva kuposa anga, poti ine ndine wa supuni.

Ajira

Durban
20 Febuluwale 2025

Mwana wanga Nadia,

Asalamu alaikum, mayi wanga wamng'ono. Kalata iyi ndi yako wekha, ndapatsira a Bonface amene akubwera kumudzi pa basi. Kalata ya amayi ako sinandipezebe, kaya a Abudu ali pati, koma dzana pafoni ya amalume ako, amayi akowo anandiuza kuti uli bwino ndipo wanenepa. Alhamdulillah! Ndinadziwa ine kuti mwana wa Zubair sangagonje ndi m'mimba.

Tsopano tamvera. Ine ndinasala mwezi wathunthu koyamba ndili ndi zaka ngati zakozi. Tinkapalasa bwato dzuwa lili pamutu, madzi ali mbali zonse, koma osalawa ngakhale dontho. Pa Idi agogo ako anandiimika pakati pa anthu n'kunena kuti uyu wakula. Tsiku limenelo sindidzaliiwala.

Pano pali sitolo ina imene ili ndi njinga yachitsikana, yobiriwira, ya basiketi kutsogolo. Ndimaiona tsiku lililonse popita kuntchito, ndipo ndimaiuza kuti idikire. Ukamaliza masiku onse makumi atatu, njinga imeneyo ndi yako, uzidzapita kusukulu anzako akukuthamangira pambuyo. Uziwerenga wekha masikuwo, ndipo usandinamize.

Uziwamvera amayi ako. Undiyankhe ndi dzanja lako, ndione ngati umalemba bwino kuposa iwo.

Ndine ababa ako,
Zubair

Makawa
13 Malichi 2025

Bambo a Nadia,

Asalamu alaikum. Swaumu ikukuyenderani bwanji pafupi ndi moto pamenepo? Ife tilipo.

Ndinalumbira kuti kalata iyi idzakhala ya mkwiyo. Ine ndikukupemphani kuti mundithandize kumuletsa mwana, inu n'kumutumizira njinga ya papepala! Kalata yanu inafika tsiku limene mwezi unaoneka. Nadia anabwera nayo kukhitchini, maso akuwala, n'kuti, "Amayi, Ababa andilola." Ndinakana. Analira mpaka azakhali anu anamva, n'kubwera kudzandifunsa ngati ndikufuna kulera mwana kapena dzira. Alamu anganso, akazi a achimwene, anati mulekeni ayese. Ndinagonja, ndinati masiku atatu okha.

Ndiye tamvani zimene ndaona ndi maso angawa. Tsiku loyamba sanapite kuseri mpaka dzuwa kulowa. Lachiwiri chimodzimodzi. Masana sagwiranso pamimba. M'kalasi sakutulukatuluka. Akuseka, Bambo a Nadia. Ndinali nditaiwala kuti mwana wathu akamaseka amaponya mutu kumbuyo ngati inu. Masiku atatu anakhala asanu, asanu anakhala khumi, lero ndi la khumi ndi chiwiri.

Mapilisi a masana tayamba tawasiya, poti kumeza kumaononga swaumu. A m'mawa amamwera pa dakwi, chakudya cha kusanache chija, a madzulo pofutulu, tikamamasula swaumu. Dzuwa likalowa akazi tonse timakhala pa mphasa imodzi kwa achimwene, futali, zitumbuwa, thobwa, iye ali pakati pa anzake, dzanja m'mbale imodzi ndi iwo. Kambale kake kaja ndakasunga. Azakhali anu akuti mwezi wopatulika ukumutsuka m'mimba, ndipo ine amene ndinkakana ndayamba kuvomera.

M'kope sindikulembamo, ndilembemo chiyani poti masana onse palibe chodya? Ku sikelo sitinapite sabata yatha. Dzuwa lake limeneli, mwana ali ndi swaumu, sindinafune kumutopetsa. Tidzapita ikatha Idi.

A Madamu Janeth anandiimitsa pamsika n'kundiuza kuti mwana akuchepa, akuti amaona mkono wake akamalemba pabolodi. Ndinawayankha mwaulemu koma mokwana. Ndinati mu Ramadhani aliyense amachepa, ngakhale achimwene anga mimba yawaphwa, ndipo za chipembedzo chathu atisiyire eni ake. Mwina ndinapyola, koma zinandipsetsa mtima kuti mwana akayamba kusangalala munthu abwere ndi mawu otere.

Mundikhululukire zimene ndinakunenerani mumtima tsiku limene kalata yanu inafika.

Ajira

Durban
24 Malichi 2025

Mayi a Nadia,

Wa alaikum salaam. Makalata anu awiri andipeza limodzi dzulo. Ya Febuluwale inagonera m'galimoto imene inafera ku Tete. Ndinayamba ndi imeneyo, ndipo nditafika poti ndikuthandizeni kumuletsa, thukuta linandituluka. Ndinati Zubair wapalamula. Kenaka ndinatsegula yachiwiri, mtima n'kukhala m'malo.

Mwaona? Ndinakuuzani ine. Usiku wathawu ndinauza amuna onse a kwathu amene timaswali limodzi kuti mwana wanga amene madokotala anati sachira wasala osaphonya ngakhale tsiku limodzi. Onse anati Mashallah. Mkulu wina wa ku Namwera anachita kundigwira dzanja kawiri.

Njinga ndagula kale, ili m'chipinda mwanga, ndikuchita kuidumpha popita kukagona. Ntchito yachuluka, masamusa mazana asanu ndi limodzi pa tsiku, ndiye sindilemba zambiri.

Kwatsala sabata imodzi yokha. Mumuuze alimbe, bwato lisamire gombe likuoneka. Mumuuze kuti ababa ake akuyenda chifuwa chili patsogolo.

Zubair

Blantyre
5 Epulo 2025

Bambo a Nadia,

Moni. Achimwene anakuuzani pafoni kuti Nadia anagwa ndipo tili kuchipatala chachikulu. Anakuuzani zimene akudziwa. Zotsalazo ndikuuzeni ine, chifukwa zikundiotcha.

Anagwa Lolemba pa 24 Malichi, tsiku la makumi awiri ndi chitatu la swaumu, ali pamzere ku madrasa. Ndaona deti la kalata yanu. Tsiku limene munkalemba kuti alimbe ndi limene ine ndinkathamanga naye pa kabaza, mutu wake ukulendewera pa mkono wanga. Kuchipatala chaching'ono anatitumiza ku Boma, ku Boma anatikweza ambulasi.

Anamwino atamuvula diresi lalitali lija ndi mpango, ndinakuwa. Mwezi wonse sindinamuone mwana wanga wosavala, poti amasamba yekha ndipo ndinkati wakula, ali ndi manyazi. Nthiti zonse panja. Ntchafu ngati mikono. Makilo 22, Bambo a Nadia. Amuthira magazi kawiri.

Adokotala aja sanandikalipire, bola akanandikalipira. Anangopempha kope. Ndinawapatsa, anatsegula, kuyambira pa 2 Malichi masamba oyera okhaokha. Anandilongosolera pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi mwana. Matenda sanagone. Masana sankapita kuseri chifukwa m'mimba munalibe kanthu, ndipo ululu unachepa chifukwa panalibe chokhudza zilondazo. Zilonda zinkakula, thupi linkadzidya lokha. Chimene ife tinkachitcha kuchira chinali njala.

Ndinati koma pofutulu ankadya, ndinkamuona ine. Alamu anga atamupanikiza Tikhala, waulula. Nadia ankapisa dzanja m'mbale nthawi zonse, koma ankatenga kachidutswa kamodzi n'kumakatafuna mpaka anthu atamaliza. Zitumbuwa ankazisunthira kwa anzake. Phala la dakwi ankalibwezera mumphika ndikatembenuka. M'mbale ya anthu asanu ndi atatu ndani amawerenga nthongo za mnzake? Magazi ankawaona, n'kumachapa yekha m'mamawa. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Wathuyu anamva m'mimba, chitseko n'kuchitseka, ndipo ife tinkamuombera m'manja.

Idi tinadyera m'wodi muno, ngati n'kudya kumeneko. Kalata yanu achimwene anabwera nayo Lachinayi. Nadia anazindikira dzanja lanu pa envulopu n'kufunsa kuti mwati chiyani. Ndinamunamiza kuti ndi nkhani ya malata a nyumba.

Pano amuika kachubu m'mphuno, chakudya chamadzimadzi chikulowa dontho ndi dontho, akuti thupi lanjala silifuna kulidzidzimutsa. Koma mimba ikutupa ndipo akusanza. Akuti pamalo pena matumbo athina kwambiri. Pakapanda kutseguka adzadula, ngakhale akuopa kuti thupi ndi lofooka.

A Madamu Janeth abwera lero kuchokera ku Mangochi, atanyamula nthochi. Sananene chilichonse cha pamsika paja. Anangokhala pa bedi n'kumamuwerengera Nadia zimene anzake aphunzira. Ine ndinalephera kuwayang'ana kumaso.

Sindikukuimbani mlandu nokha. Inu munali kutali ndi cholembera, ine ndinali pomwepo ndi maso awiri. Ndikuopa, Bambo a Nadia. Ndikuopa kwambiri.

Ajira

Durban
16 Epulo 2025

Mayi a Nadia,

Kalata yanu yafika dzulo. Sindikudziwa moni amene ndingakupatseni.

Ndinalankhula naye pafoni Lamlungu, anangoti, "Ndili bwino, Ababa." Mawu ake anali aang'ono ngati akuchokera pansi pa chitsime. Ndinamuuza kuti adye, anati chabwino. Panthawiyo sindinkadziwa zonsezi. Tsopano ndikudziwa kuti mwanayu amati chabwino pa chilichonse chimene ndanena.

Munandilembera bwinobwino kuti azidya kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Ndinawerenga katatu. Ndinasankha mawu amene ndinkafuna kumva, enawo ndinawataya, kenaka ndinakadzitama nawo pamaso pa anthu. Mkulu wa ku Namwera uja anandifunsa ngati mwana anamaliza, ine ndinangotuluka panja. Njinga ndaiphimba ndi bulangete chifukwa sindingathe kuiona.

Ndikubwera. Pasipoti yanga inatha chaka chatha, ndiye ndalembetsa pepala loyendera, akuti ndidikire masabata awiri kapena atatu. Bwana akuti ndikapita malo anga apatsa wina. Apatse.

Mumuwerengere mawu awa, musamunamizenso za malata. Nadia, mwana wanga, ababa ako analakwa. Palibe tsiku limene uli nalo ngongole, kwa ine kapena kwa Mulungu. Supuni imodzi imene umeze indisangalatsa kuposa masiku makumi atatu. Undidikire, ndidzakudyetsa ndekha.

Zubair

Makawa
4 Meyi 2025

Bambo a Nadia,

Asalamu alaikum. Anthu ayamba kuchepa pakhomo, ndiye ndapeza kampata kolemba.

Zimene munamva pafoni ndi zomwezo. Anamulowetsa ku opaleshoni Lachitatu pa 23 Epulo, anadula pothina paja, adokotala anati ntchito yayenda. Koma thupi linalibe mphamvu yodzukira. Anatisiya Lachinayi m'mawa, dzanja lake lili m'manja mwanga. Anayesetsa anthu aja, ndinawaona ndi maso anga, ndipo namwino wina analira nane. Tinamuika Lachisanu itatha swala. Pomusambitsa ndinamunyamula ndekha, sindinafune wondithandiza, ndipo sanali wolemera.

Kalata yanu ya pa 16 inafika Loweruka. Mawu amene munati ndimuwerengere ndinawawerenga mokweza m'chipinda chake, chitseko chotseka. Kaya anamva, Mulungu ndiye adziwa.

Mukuti pepala loyendera lija lituluka posachedwa. Bwerani ndithu, ndikukufunani. Koma ndafuna kuti iyi ikupezeni muli komweko, chifukwa kuno mudzakhala pakati pa anthu ndipo mudzafuna kudzilimbitsa. M'katimu muli kalata yake. Analemba Lachiwiri madzulo, anaipinda yekha n'kundiuza kuti ndi ya Ababa, ndisatsegule. Ndinatsegula. Mundikhululukire, ndinkafuna kumvanso mawu ake.

Muiwerenge mutakhala pansi.

Ajira

Blantyre
22 Epulo 2025

Okondedwa Ababa,

Asalamu alaikum. Muli bwanji? Ine ndili bwino pang'ono. Pepani ndachedwa kuyankha. Anamwino andipatsa pepala ndi cholembera, koma dzanja lilibe mphamvu, ndiye musaseke zilembo.

Pafoni paja munalira. Munati ndi utsi wa m'khitchini koma ine ndinamva. Amayinso amalira akamaganiza kuti ndagona. Ndiye ndati ndikuuzeni zoona, poti munati ndisakunamizeni.

Sindinasale chifukwa cha njinga, ngakhale ndinkaifuna. Sindikudziwanso ngati ndinasalira Mulungu, mwina masikuwo sawerengedwa, mudzandifunsire kwa Shehe. Ndinasala chifukwa kudya kumandiwawa. Ndikameza zimakhala ngati ndameza minga ya nsomba ndipo ikuyenda m'mimba monse. Kasanu ndi kamodzi pa tsiku Amayi amabwera ndi mbale. Ndikakana nkhope yawo imagwa, ndiye ndimadya, kenaka zimandiwawa, kenaka ndimathamangira kuseri anthu akuona.

Mu Ramadhani palibe ankabwera ndi mbale. Aliyense anali ndi njala ngati ine, aliyense milomo youma. Palibe ananditcha Kaphala. Pa buleki tinkakhala tonse pansi pa mtengo kuwerenga masiku, ndipo ena akamadandaula ine ndinkawalimbikitsa. Ankati Nadia ndi wolimba kuposa tonse. Mwezi wokhawo ndi umene ndinali ngati anzanga. Unali mwezi wabwino, Ababa, musaudandaule kwambiri.

Musawakalipire Amayi. Ndinkabisa bwino, ngakhale inu simukanadziwa. Tikhalanso musamukalipire, ndinamulumbiritsa.

Tsopano ndikufuna kudya, zoonadi. Ndikachira ndidzadya chilichonse chimene Amayi abweretse, osatembenukira kukhoma. Adokotala akuti akachotsa pothinapo mwina sizidzawawanso ngati kale.

Mawa m'mawa andilowetsa ku opaleshoni. Atseka kachubu kaja, ndipo amata pepala kumutu kwa bedi lakuti ndisadye kapena kumwa chilichonse mpaka atamaliza. Mwana wa pa bedi linalo amumatiranso pepala lomwelo, ndipo akulirira tiyi. Anamwino anandifunsa ngati ndipirira. Ndawauza kuti asade nkhawa, zimenezo ndiye ndimazitha.

Ndine mwana wanu,
Nadia